Musanamasule manozo: katsukidwe ka mainjekita pa motoka yaing'ono ya dizilo

M'mawa wa mwezi wa June, chisanu chikatsika m'mapiri a Chipata, ndi pamene motoka ya dizilo imaulula matenda ake. Mwatembenuza kiyi, sitata ikuzungulira, koma injini ikukana kugwira. Ikagwira ikunjenjemera mpaka magalasi a m'mbali kugwedera, kumbuyo utsi woyera uli tolotolo, fungo la dizilo wosapsa likulasa m'mphuno. Mukafunsa anzanu pamalo oimikira mataxi ku Kapata, wina akuti, "Manozo amenewo, bwana, thiranimo mankhwala." Wina akuti ayi, masulani onse anayi muwatumize ku Lusaka.

Ndagwira sipanala zaka zambiri, ndipo zimandiwawa kuona munthu akutaya ndalama ya chimanga cha chaka chonse pa vuto limene likanatha ndi fyuluta yatsopano. Zimandiwawanso kuona wina akuthira botolo lachisanu la mankhwala mu injini imene nozo yake, nsonga ya injekita yopopera dizilo mu silinda, inadyeka kalekale. Mankhwala a m'botolo amachotsa litsiro, koma chitsulo chikadyeka sachibwezera. Ntchito yonse yagona pa kudziwa kuti mwa ziwirizi chakugwerani ndi chiti, ndipo timayambira pa zotchipa n'kumakwera pang'onopang'ono.

Dziwani kaye injini yanu

Motoka zazing'ono za dizilo zimene zikuyenda kuno Kum'mawa zili za mitundu iwiri. Pali zakale, monga Corolla ndi Caldina za injini ya 2C, zimene pampu yake imatumiza dizilo ku nozo iliyonse pa paipi yakeyake. Manozo ake alibe waya, amatseguka ndi mphamvu ya dizilo yemweyo isanafike n'komwe pa bar 200 (bar ndi muyezo wa mphamvu ya kupanikiza). Injini zimenezi n'zopirira, zimakhululuka zambiri.

Ndiye pali za common rail: Probox ya D-4D, Mazda Demio ya SkyActiv-D, Polo yatsopanoko ya TDI, Nissan NP200 ya dCi. Mukachotsa chivundikiro cha pulasitiki muona chipaipi chimodzi chochindikala chogona m'mbali mwa injini, ndipo injekita iliyonse ili ndi pulagi ya magetsi. Muno dizilo amapanikizidwa mpaka bar 1,600 kapena 2,000, pamene tayala la motoka yomweyo mumalipopa bar ziwiri ndi pang'ono. Timabowo ta kunsonga kwa nozo n'tating'ono ngati tsitsi la munthu, ndipo singano ya mkati imayenda m'kampata kothina kwambiri moti fumbi limene diso silingaone ndi lokwanira kuikanda. Dizilo yemweyo ndiye amene amafewetsa pampu ndi singano, palibe oyilo wina amafikako. N'chifukwa chake chilichonse chimene mwathira m'tanki chimakhudza zitsulo zodula kwambiri pa injini yonse.

Dizilo wa masiku ano si woipa. Kuyambira 2023 paipi ya TAZAMA, yochoka ku Dar es Salaam kukafika ku Ndola, imabweretsa dizilo woyengedwa kale wa salufa wochepa, amene injini za common rail zimafuna. Chimene chimatipha ife ndi zimene zimalowa m'dizilo ali pa ulendo wofika m'tanki mwanu: madzi, fumbi, dzimbiri la m'madiramu, ndi palafini wa anyamata a changanya ogulitsa mafuta m'zigubu.

Mvetserani, yang'anani utsi

Musanagule kanthu, yang'anani kumbuyo kwa motoka wina akuponda mafuta. Utsi wakuda umatanthauza kuti dizilo wachuluka kuposa mpweya. Nthawi zambiri wolakwa si nozo ayi, ndi fyuluta ya mpweya imene yadzaza fumbi la misewu ya kumidzi, kapena paipi ya tabo yong'ambika, kapena EGR, valavu yobwezera utsi wina mu injini, yotsekeka ndi mwaye. Utsi woyera wonunkha dizilo, umene umatha injini ikatentha, ungachokere ku mahita akufa (timapulagi totenthetsa m'silinda injini isanalire) kapena ku nozo yodontha. Utsi woyera wosatha, madzi a mu rediyeta n'kumachepa, imeneyo ndi nkhani ya gasiketi. Utsi wa buluu ndi oyilo amene akupsa, ndipo palibe mankhwala a dizilo amene angauletse.

Kuvuta kulira m'mawa kokha, masana n'kumalira bwinobwino, yambani ndi batire ndi mahita. Koma ikamavuta kulira injini ili yotentha, mwaima pang'ono pa Down Shops kenaka ikukana, pa common rail kawirikawiri ndi injekita imene ikutaya dizilo wambiri kubwerera ku tanki. Lisungeni limeneli, tilifika.

Solaninso dipisitiki. Oyilo akamakwera m'malo motsika, n'kumanunkha dizilo, musayende nayo ulendo wautali. Pa Demio ndi motoka zina za DPF (sefa yogwira mwaye pa paipi ya utsi) zimenezi zimachitikanso chifukwa cha maulendo afupiafupi a m'tauni, ndipo dipisitiki yake ili ndi chizindikiro cha X chosonyeza malire. Oyilo akafika pamenepo, asintheni.

Choyamba: madzi ndi fyuluta

Apa ndikhalitsapo, chifukwa mavuto ambiri amene amatchedwa "manozo" amathera pompano.

Pezani botolo loonekera mkati, lotsukidwa bwino ndi louma. Pansi pa fyuluta ya dizilo pali kakoko ka pulasitiki. Ikani botolo pansi pake, masulani kakokoko pang'ono, ndipo ngati pamwamba pa fyuluta pali kapampu ka dzanja, kapopeni kangapo. Tungani ngati theka la kapu, mangani, botolo muliike pamthunzi mphindi khumi. Dizilo wabwino amaoneka mbee, kuwala kumapyola. Ngati muli madzi, amakhala pansi paokha, dizilo n'kuyandama pamwamba ngati mafuta pa msuzi. Mukaona tinthu tofiirira, limenelo ndi dzimbiri. Mukaona zakuda zonanda ngati ndere, ndi tizilombo timene timamera pamene madzi akumana ndi dizilo, ndipo timatseka fyuluta msanga. Mukaona tinthu tonyezimira ngati mchenga wa siliva, musalizenso injiniyo. Pampu yayamba kudzidya yokha, ndipo tizitsulo timeneto tikafika ku mainjekita onse anayi.

Chaka china m'nyengo ya dzinja anandikokera Probox ya bambo wina wogula soya ndi nshawa m'midzi. Mafuta anamuthera kutali ndi filing'i sitesheni, n'kugula malita khumi a m'chigubu m'mbali mwa msewu. Kanyali ka madzi kanayaka pa dashibodi, iye n'kuganiza kuti afika kaye kunyumba. Motoka inakhala masiku anayi pabwalo isanabwere kwa ine. Titatsegula, m'botolo munali madzi zala ziwiri, ndipo mkati mwa pampu munali dzimbiri lofiira ngati katondo. Bamboyo anakhala chete pa benchi nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Akanaima pomwe kanyali kanayakira n'kumasula kakoko kaja, akanataya mphindi zisanu zokha.

Ngati madzi ndi ochuluka kapena muli ndere zija, tanki itsitsidwe, itsukidwe, iume. Kenaka sinthani fyuluta. Musaumire pa fyuluta. Yotchipa yopanda dzina imafanana ndi yeniyeni kunja kokha, pepala la mkati limalola fumbi kudutsa. Pukutani pozungulira musanamasule, pakani kadizilo pa labala yatsopano, mangani ndi dzanja. Popani kapampu mpaka kalimbe musanatembenuze kiyi. Pa motoka zimene zili ndi pampu ya magetsi m'tanki, tsatirani buku la motokayo pochotsa mpweya, chifukwa pampu ya common rail ikazungulira youma imakandika. Amene mumayenda misewu yafumbi ya ku Chadiza, Vubwi ndi m'midzi ya ku Lundazi, ine ndimati sinthani fyuluta ya dizilo pa makilomita 10,000 alionse, ngakhale buku litanena ochulukirapo.

Fyuluta ya mpweya muionenso tsiku lomwelo. Yendani masiku awiri kapena atatu. Motoka zambiri zimachira pomwepa.

Chachiwiri: mankhwala a m'tanki

Ngati kunjenjemera kukadalipo, mphamvu yachepa pokwera chitunda, ndipo mafuta akutha msanga, tsopano ndi nthawi ya botolo.

M'mashopu a masipeya muli mabotolo a Liqui Moly, Wynn's, STP ndi ena, koma si onse amagwira ntchito imodzi. Werengani. Ena ndi otsuka manozo, ali ndi sopo wa m'mafuta amene amasungunula mwaye kunsonga ndi zomata za mkati. Amenewa ndiwo mukufuna. Ena ndi okweza cetane, othandiza dizilo kugwira moto msanga kuti injini ichepetse kugogoda. Ena ndi ofewetsa pampu. Ena ndi opha tizilombo tija, ndipo amagwira bwino tanki ikatsukidwa kaye. Palinso oletsa dizilo kuundana ndi chisanu, opangira maiko a chipale. Chisanu cha ku Chipata sichifika pamenepo, ndalama yanu isapite pa amenewo. Onetsetsani kuti botolo lalembedwa kuti ndi la dizilo, osati la petulo, ndipo ngati motoka yanu ili ndi DPF, lilembedwe kuti ndi loyenera DPF. Chidindo cha pakamwa pa botolo chikhale chosatsegulidwa.

Muyezo ndi umene walembedwa pabotolo. Mabotolo ambiri a mamililita 250 kapena 300 amapangidwira tanki yathunthu, ndipo matanki ambiri a motoka zazing'onozi ndi a malita 40 mpaka 50. Thirani mankhwala muli pa filing'i sitesheni, musanathire dizilo, kuti dizilo polowa awasakanize. Mabotolo awiri nthawi imodzi sachiritsa kawiri. Amangomatula litsiro la m'tanki lonse pamodzi n'kukatseka fyuluta yanu yatsopano ija.

Mankhwalawa amafuna injini yotentha ndi yogwira ntchito. Kuzungulira m'tauni kuchoka ku Kapata kupita ku Mchini n'kubwerera sikuwapatsa mpata. Tengani msewu wa Great East, pitani ku Katete n'kubwerako, ulendo wopitirira makilomita 160. Injini ikatentha, yendani pa giya yotsikirapo kuti singano ya pa dashibodi yosonyeza kuzungulira kwa injini ikhale pakati pa 2,500 ndi 3,000 kwa mphindi makumi awiri kapena atatu, osapyola liwiro lololedwa. Poyamba utsi ungachuluke, kenaka uchepa. Ulendo womwewu umapatsanso DPF mpata wotentha mwaye wake. Malizani tanki yonseyo musanaweruze.

Zikasintha, bwerezani pa makilomita 5,000 mpaka 10,000 alionse, kapena nthawi yosintha oyilo. Sikofunika kuthira pa tanki iliyonse ngati mumagula dizilo pamalo odalirika. Zikapanda kusintha pambuyo pa tanki imodzi kapena awiri, lekani kugula mabotolo.

Zimene simuyenera kuthira

Ndimamva zambiri: petulo pang'ono kuti "atsuke", palafini, oyilo wofiira wa giyabokosi ya otomatiki, oyilo wa njinga yamoto, buleki fuluwidi, ngakhale timibulu tophera njenjete m'zovala. Wonena amalumbira kuti amalume ake ankatero pa lole yawo zaka makumi awiri osaona vuto. Mwina n'zoona, koma lole ija inali ya pampu yakale. Petulo ndi palafini n'zouma, zimachotsa kuterera kumene pampu ya common rail imadalira. Oyilo wa giyabokosi sanapangidwe kuti azipsa, amasiya phulusa kunsonga kwa nozo ndi mu DPF. Buleki fuluwidi amakoka madzi ndipo amawononga malabala a njira ya dizilo. Ngati mwathiridwa petulo mwangozi pa sitesheni, musatembenuze kiyi ngakhale pang'ono. Ikankheni pambali, tanki ikhuthulidwe.

Chachitatu: kutsuka mwachindunji

Pali mankhwala ena amphamvu, monga Diesel Purge ya Liqui Moly ya mamililita 500, amene injini imamwa okhaokha osasakaniza ndi dizilo wa m'tanki. Pa injini zakale ndi zina za common rail zopanda pampu ya m'tanki, mungachite nokha ngati manja anu anazolowera.

Tenthetsani injini, izimitseni. Chotsani paipi yochoka ku fyuluta kupita ku pampu, ndi paipi yobwezera dizilo ku tanki. Lumikizani timapaipi tiwiri toyera toonekera mkati, pa kopita ku pampu muikepo kafyuluta kakang'ono, ndipo nsonga zonse ziwiri zilowe m'botolo la mankhwala. Mangani botolo ndi waya kuti lisagwe kapena kukhudza fani ndi malamba. Lizani injini, isiyeni iziyenda yokha mphindi zingapo, kenaka muziponda pang'ono mpaka 2,000 kapena 2,500 n'kusiya, mobwerezabwereza. Muona mankhwala akusintha mtundu pobwerera. Maso akhale pa botolo: zimitsani injini mankhwala asanatheretu, isayamwe mpweya. Bwezerani mapaipi, popani, lizani, yang'anani ngati pena pakudontha. Chitirani panja, kutali ndi mbaula ndi fodya.

Ngati motoka yanu ili ndi pampu ya magetsi m'tanki, pampuyo ipitiriza kutumiza dizilo pa paipi imene mwamasula. Ntchito imeneyo isiyireni makanika wodziwa.

Chachinayi: kupeza injekita yolakwa

Pa injini yakale, amakanika timamasula pang'ono nati ya paipi pa nozo imodzi injini ikuyenda, titaphimba ndi nsanza. Injini ikasintha kulira, silinda imeneyo ikugwira ntchito. Ikapanda kusintha, wolakwa ndi ameneyo.

Pa common rail musayerekeze kutero. Dizilo wa bar 1,600 amaboola khungu ngati jekeseni. Bala limaoneka kadontho chabe, koma mkati mnofu umafa, ndipo munthu angadulidwe chala kapena dzanja. Musafufuze podontha ndi dzanja injini ikuyenda. Wina akalasidwa, athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo ndipo adokotala auzidwe kuti ndi dizilo wa mphamvu walowa m'thupi, ngakhale iye akunena kuti sizikupweteka.

Njira yoyenera ndi ziwiri. Yoyamba ndi kompyuta: makanika amalumikiza makina pa soketi ya pansi pa dashibodi n'kuwerenga mmene injini ikuwonjezera kapena kuchepetsa dizilo pa silinda iliyonse. Injekita imene nambala yake yatalikirana ndi zinzake ndiyo yokayikitsa. Pemphani kuti akuonetseni manambalawo ndi maso anu, muwajambule pa foni.

Yachiwiri ndi kuyeza dizilo wobwerera. Pamutu pa injekita iliyonse pali kapaipi kobwezera. Amachotsa timeneti, n'kuikapo timapaipi tinayi tofanana kutalika tolowa m'timabotolo tinayi tofanana, n'kuliza injini mphindi ziwiri kapena zitatu. Timabotolo tikadzaza mofanana, mainjekita ali bwino. Kamodzi kakadzaza kawiri kuposa tinzake, valavu ya mkati mwa injekitayo yadyeka, ikutaya mphamvu ya chipaipi chija, ndipo n'chifukwa chake motoka imakana kulira ikatentha. Apa mankhwala alibenso mawu. Pa injini zina mapaipi obwezerawa ali mkati mwa chivundikiro cha mavalavu, ndipo mainjekita a mtundu wa piezo amafuna zida zawozawo, choncho musakakamize.

Chachisanu: kumasula

Mukafika apa, mukudziwa kuti ndi injekita iti ndiponso chifukwa chake. Tsukani pamwamba pa injini, muumitse, muuzire ndi mpweya fumbi lonse lichoke musanamasule nati ngakhale imodzi. Zimitsani injini, dikirani mphindi zingapo mphamvu itsike, chotsani waya wa batire. Lembani nambala pa injekita iliyonse, 1 mpaka 4, kuti idzabwerere pa silinda yake. Paipi iliyonse imene mwamasula muitseke ndi kachivundikiro koyera, osati nsanza yothothoka ulusi.

Mukaona phula lakuda lolimba lozungulira injekita, ndipo injini ikuyenda mumamva kuti "tsi tsi tsi" ndi fungo la utsi m'kabini, ndi washa ya kopa ya pansi pa injekita imene yapsa. Washa ndi yotchipa, koma ikachedwa phula limagwira injekita ngati simenti. Musaikoke ndi chitsulo chopanira tayala kapena kuimenya ndi hamala. Pali chida chake chokokera.

Nsonga ya nozo musaipale ndi bulashi ya waya, sandipepa kapena singano yosokera. Timabowo tikasintha kukula, dizilo amalasa ngati mkondo m'malo mofalikira ngati nkhungu, ndipo angasungunule pisitoni. Manozo a injini zakale amayezedwa pa kapampu ka dzanja kokhala ndi geji: mumaona mphamvu imene akutsegukira, kafalidwe ka dizilo, ndi ngati akudontha. Kusintha nsonga zake n'kosavuta ndipo sikudula kwambiri. A common rail amafunika benchi ya magetsi m'chipinda chopanda fumbi, kumene amatsukidwa ndi makina onjenjemeretsa madzi a mankhwala n'kuyezedwa. Musanapereke mainjekita anu kwa aliyense, kuno kapena ku Lusaka, funsani ngati ali ndi benchi ya mtundu wanu, kaya ndi Denso, Bosch, Delphi kapena Siemens, ndipo akupatseni pepala la zotsatira za kuyeza asanakonze ndi atakonza. Lembani manambala a pa mainjekita anu musanawatumize pa basi, kuti obwerawo mudzawazindikire. Safunsa anadya phula.

Mainjekita a salaula ochotsedwa pa injini zina amakopa chifukwa cha mtengo, koma ayezedwe kaye musanalipire.

Pobwezera, bowo la injekita lipukutidwe mpaka pansi pake pawale. Washa ya kopa ikhale yatsopano nthawi zonse, imodzi yokha, ndipo onetsetsani kuti yakale sinatsalire m'bowo. Mabauti amangidwe ndi sipanala yoyezera mphamvu monga mwa buku, osati mongoyerekeza ndi mkono. Mainjekita ambiri a common rail ali ndi kodi yolembedwa pamutu, ndipo mukaika yatsopano kapena yokonzedwa, kodiyo iyenera kulowetsedwa mu kompyuta ya motoka. Popanda zimenezo injini imagogoda ndi kufuka ngakhale zonse zili zatsopano. Ngati nozo inali kudontha, sinthaninso oyilo ndi fyuluta yake tsiku lomwelo.

Mukatuluka m'garaji

Gulani dizilo pa filing'i sitesheni ya chilolezo cha ERB, bungwe la boma loyang'anira za mafuta ndi magetsi, imene pamadutsa motoka zambiri, ndipo sungani malisiti. Mukapeza thanka ikutsitsa mafuta, pitani pena kapena mubwerenso pakapita maola angapo, chifukwa zapansi zimakhala zavunduka. Nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka April, tanki isamakhale pansi pa theka usiku, chifukwa mpweya wa chinyontho umasanduka madontho m'makoma a tanki. Yang'anani labala ya pa chitsekero cha tanki ngati sinang'ambike.

Pa ulendo wa ku Lusaka, makilomita pafupifupi 570, dzazani ku Chipata, ndipo ngati singano ya mafuta yatsika wonjezerani ku Petauke kapena ku Nyimba musanalowe m'mapiri otsikira ku mlatho wa Luangwa. Amene mumapita kumidzi kukagula mbewu, nyamulani chigubu chanuchanu chotsekeka bwino chimene mwadzaza nokha pa pampu, fanelo yokhala ndi sefa, fyuluta ya dizilo yapadera ndi kabotolo koonekera kaja. Kakoko ka pansi pa fyuluta muzikamasula kamodzi pa mwezi, ndipo m'dzinja kawiri.